Mwana Ankagontha, Ine Ndili Kalikiliki Kumuphunzitsa

Mwana wanga woyamba, Yamikani, khutu lake lakumanja linafa. Sanamulodze munthu, si malungonso ayi. Ndine mayi wake amene ndinamuchotsa kusukulu ali Sitandade 1 n'kuyamba kumuphunzitsa ndekha pakhonde, ndikudziyesa wochenjera kuposa aphunzitsi onse a ku Chileka. Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukuwira, ndipo sindinyengerera munthu, ngakhale ine mwini.

Kwathu ndi ku Lirangwe. Sukulu ndinalekeza Fomu 2 nditatenga mimba ya Yamikani yemweyu. Tsiku limene zinadziwika, aphunzitsi ena anandiimika kutsogolo kwa kalasi n'kuuza atsikana anzanga kuti andiyang'anitsitse, aone mmene chitsiru chimaonekera. Kuyambira pamenepo munthu wogwira choko ndinkamuona ngati mdani. Bambo a Yami anandikwatira, tinapeza nyumba ya lendi ku Chileka komwe amagwira ntchito yaulonda pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo kunabadwa wachiwiri, Tadala.

Pa nthawi ina ndinkachapa zovala pakhomo pa mkulu wa mpingo wina. Akazi awo ana sankawatumiza kusukulu, ankawaphunzitsa okha m'nyumba. Munali tebulo lalitali, mabuku odzaza shelefu, mapu pakhoma. Ndikamayanika zovala ndinkasuzumira pawindo, mumtima ndikuti, kani n'zotheka mwana kuphunzira popanda kunyozedwa? Tebulo ndinaliona, mabuku ndinawaona. Chimene sindinachione n'chakuti mayiwo anali mphunzitsi wa ku koleji, ndiponso mwana wawo akangotsokomola ankathamangira naye kuchipatala.

Yamikani khutu linayamba kumuvuta ali wamng'ono. Akadwala chimfine linkatuluka mafinya, kenako n'kuuma, kenako n'kuyambiranso. Amayi anga anandiphunzitsa zakwathu: kupukuta ndi nthenga ya nkhuku, kudontheza timafuta tophikira tofunda. Ankati zimenezi n'za ana, zimatha zokha akakula. Ine ndinakhulupirira, poti ndani amatsutsa mayi amene analera ana asanu?

Teremu yoyamba isanathe, a madamu a Sitandade 1 ananditumizira uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza pakhomo pa kalasi, pafupi ndi pamene azimayi amaphikira ana phala. Iwo sananong'one ayi.

“Mayi a Yamikani, khutu la mwanayu likutuluka mafinya, ndipo anzake akukana kukhala naye pafupi chifukwa cha fungo. Mupite naye kuchipatala lisanawonongeke.”

Mayi wina wophika phala anabisa mphuno m'chitenje, mnzake n'kuseka. Pa mawu onse aja ine ndinatolapo limodzi lokha, fungo. Ndinadziona ndaimanso kutsogolo kwa kalasi ya Fomu 2, anthu akundiloza.

“Madamu, mwasanduka liti dokotala?” ndinatero. “Mwana wanga ndimamusambitsa ndekha. Tsalani ndi anu onunkhirawo.”

Ndinamukoka dzanja Yamikani, kapu yake ya phala n'kugwa pansi. Anafuna kuitola, ine ndinamuletsa.

Bambo ake nditawafotokozera anangoti, “Zili ndi iwe, mayi a Yami,” n'kudzifunditsa, poti amagona masana. Mwamuna wamkulu, mwana wake akuchotsedwa sukulu, yankho n'kukhala limenelo! Akanangofunsa kuti kodi madamuwo ananama, mwina bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Sukulu yanga inayamba ndi mphamvu. Ndinapeza chidutswa cha thabwa la pulayiwudi n'kuchipaka makala kuti chikhale bolodi, ndinagula choko kugolosale, ndinatola zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu. M'mawa uliwonse ndikatha kusesa, Yamikani ankakhala pamphasa, ine pampando patsogolo pake. Tsono ine mwachibadwa sindiyankhula motsitsa. Ndimakuwa. Ndikati “ba be bi bo bu,” ankamva mpaka a pachigayo. Mwanayo ankandiyang'anitsitsa pakamwa osaphethira, n'kumabwereza bwinobwino. Ine ndinkati, onani chidwi chimenecho, kusukulu kuja akanachipeza kuti?

Azimayi a pamjigo anayamba kunditama. Amvekere, “Mayi a Yami ndi ophunzira, musawaone chonchi.” Wina anafunanso kubweretsa wake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, koma khutu lija munapita nalo? Fungo ankalimva ndithu, poti mwanayo ankasewera m'makomo mwawo. Ankangotama pamaso, miseche n'kukachitira kumbali. Anthu amenewo mpaka lero ndikawaona malovu amandiwawa.

Vuto linkabwera ndikatembenukira kubolodi. Ndikafunsa funso ndikulemba, kumbuyo kunkangoti zii. Ndikacheuka, ndinkamupeza akungondiyang'ana ngati mlendo. Ndinkati ndi mwano. Ndinkati akutengera ulesi wa kuchimuna. Tadala, amene sindinkamuphunzitsa n'komwe, anayamba kuyankha ali kuseri akusewera ndi dothi, ndipo ine m'malo modabwa ndinkamunyoza nazo mkulu wake, kuti akupambanidwa ndi khanda. Ndiye mbama. Inu owerenga, mukudziwa pamene mbama imafikira. Ndinkamumenya pakhutu lomwelo, lodwalalo, kenako madzulo n'kumamupukuta ndi nthenga ngati mayi wachikondi.

Ana a ku Chileka ndege amaimva isanaoneke. Amasiya chilichonse n'kuthamangira pabwalo akukuwa, “Ndege! Ndege!” Kale Yamikani ndiye ankayambirira. Pang'onopang'ono anakhala wotsiriza, wothamanga poona anzake athamanga. Tsiku lina ankalemba zilembo pamchenga atafulatira. Tadala anali atalumpha kale akuloza kumwamba, koma iye anadzutsa mutu ndege itafika pamwamba pa madenga. Ndinaziona ndi maso angawa. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati wakula, za ndege zamukwana.

Zinapita choncho mpaka dzinja lachiwiri linadutsa. Nthawi yokolola ndinatenga ana kupita ku Lirangwe kukathandiza amayi. Tsiku la msika tinapita kukagula mchere ndi usipa. Yamikani anatsogola m'mbali mwa msewu atanyamula jumbo, ine pambuyo ndi Tadala. Kunatulukira njinga yamoto ya kabaza, hutala ili pi pi pi. Anthu onse anapatuka. Ndinakuwa dzina lake ndi mawu anga onse aja amene amamveka pachigayo. Sanacheuke. Ankangoyenda akugwedeza jumbo yake.

Njingayo inamukankhira m'ngalande. Mkono unathyoka.

Ndinamugwira malaya wakabazayo kuti ndimung'ambe. Iye anati, “Mayi, hutala ndayamba kuliza ndili uko! Nonse mwapatuka. Kodi mwana wanuyu ndi wogontha?” Ndinayang'ana anthu kuti andithandize kumutukwana, koma mayi wina wogulitsa tomato anangoti, “Waliza ndithu, achemwali. Inunso mwakuwa.” Manja anga anamasuka okha.

Kuchipatala chaching'ono, dokotala amene ankaona mkonowo anamva fungo, anatenga kanyali n'kuunika m'khutu. Anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, za mkono ndi za khutu zomwe. Kumeneko atamuika chikhakha anamuyeza makutu. Anandiuza kuti matenda anakhalitsa mpaka anadya zam'kati mwa khutu lakumanja, ndipo anali atayamba kuwononga lakumanzere. Anandifunsa kuti mafinya anayamba liti. Nditayankha, dokotalayo anasiya kulemba n'kundifunsa ngati panalibe munthu anandiuzapo kuti ndibwere naye. Ndikanati chiyani? Kuti analipo, koma ndinamutukwana?

Anatipatsa mankhwala odontheza m'khutu, kabotolo kakang'ono kokwana m'dzanja. Ndinakayang'ana kabotoloko mpaka misozi. Kanali kundidikira nthawi yonse ija ine ndikuthamangitsa nkhuku kuti ndizule nthenga. Lakumanzere linapola ndipo amamva nalo, ngakhale osati ngati kale. Lakumanja anati tisayembekezere zambiri.

Pobwerera m'minibasi ndinayandikira kukhutu lamoyolo n'kumufunsa chifukwa chimene sankanenera kuti sakundimva. Anayankha akuyang'ana chikhakha chake.

“Mukatembenukira kubolodi ndimangoona msana wanu, amama. Ndimaopa kunena, mumamenya.”

Mwana wa zaka zosakwana khumi anaphunzira yekha kuwerenga milomo yanga kuti apulumuke kwa ine. Ndiwo maphunziro okhawo amene sukulu yanga inamupatsa mokwanira.

Ndinabwerera naye kusukulu ija. Njira yake inatalika tsiku limenelo. Ndinawapeza a madamu omwe aja, ndipo ndinali nditakonzeka kuti andichape ndi mawu. Anangoyang'ana mwanayo, n'kufunsa kuti lomva ndi liti. Anamukhazika kutsogolo, kumbali imene khutu lakumanzere limaloza kwa iwo. Anayambiranso Sitandade 1, wamtali pakati pa tiana, anzake akale ali patsogolo. Chaka chino ali kalasi imodzi ndi Tadala.

Musaganize kuti mkwiyo wanga unatha. A madamuwo ndimawadandaulabe. Nkhani ya thupi la mwana sanena pakhomo pa kalasi azimayi a phala akumva. Akanandiitanira pambali. Aphunzitsi amene anandiimika pa Fomu 2 aja, kulikonse kumene ali, adziwe kuti chipongwe chawo chinafika mpaka kwa mwana amene anali m'mimba. Bambo a Yami ndi kugona kwawo, amayi ndi nthenga yawo, azimayi a pamjigo ndi matamando awo abodza, onsewo ali ndi gawo lawo. Koma dzanja limene linamukoka pakhomo pa kalasi ndi langa. Madamu aja, pakati pa chigulu cha ana okhala pansi, anaona pa teremu imodzi chimene ine ndinalephera kuona ndili ndi mwana mmodzi pamphasa.

Inu makolo anzanga, makamaka inu amene sukulu inakulavulani ngati ine, sindikunena kuti kuphunzitsa mwana pakhomo n'kulakwa. Mukhale naye madzulo, mumuwerengere, muwerenge naye zitsekerero. Koma musanamuchotse kusukulu, dzifunseni ngati mukuchitira mwanayo kapena mukubwezera chilonda chanu. Mukamutsekera pakhonde, mwamuchotsera maso a anthu ena onse, ndipo maso a mayi wokwiya saona. Munthu akakuuzani zoona mwachipongwe, chipongwecho mutaye, zoonazo mutole. Ndipo khutu la mwana likatuluka mafinya, siyani nkhuku ziyende ndi nthenga zake, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Masiku ano ndege ikamabwera, Tadala amathamangira pabwalo akukuwa. Yamikani amaima kaye, n'kupendeketsa mutu, kuifunafuna ndi khutu limodzi lotsalalo. Ine ndimalowa m'nyumba.