Amapasa a mu Mwala Woyera

Ku Binn, kamudzi ka m'mapiri ozizira, aliyense amayenda ndi mwala m'thumba, ngakhale wansembe, koma wodziwa kuitchula maina miyalayo anali Filomena yekha. Amuna ankaswa thanthwe loyera kumgodi, kutsitsa zibenthu m'mabokosi, kenaka n'kukhala pansi kumadya tchizi ndi buledi wakuda ngati amaliza ntchito. Amuna ndi otero. Ntchito yeniyeni inkayambira patebulo la mayiyu, pawindo, pomwe panali galasi lokuzira ndi singano yomangirira ku kamtengo.

Lusolo analiphunzira kwa malemu mwamuna wake, Kasimir, ndipo posakhalitsa anamupitirira, zomwe mwamunayo sanavomere mpaka kumanda. Zaka makumi atatu wakhala akusenda mwala woyera uja, wofumbutuka ngati shuga, kuti timiyala tonyezimira tobisala m'kati mwake tionekere. Akatero ankalemba dzina pakapepala, bokosi n'kupita kwa akatswiri a ku Bern. Akatswiriwo ankayeza ndi makina awo miyezi itatu, n'kupeza zomwezo zimene iye anaona tsiku limodzi.

Koma chaka chimenechi Filomena anali ndi chinsinsi, ndipo chinkamudya. Pakati pa diso lamanja panabwera kamtambo, ndipo lamanzere linayamba kutsatira mnzake. Kutchalitchi ankatsegula buku n'kumaimba za pamtima. Maina ankawalemba ndi zilembo zazikulu, namanamizira cholembera. Ankadziwa kuti nkhaniyi ikangomveka, mwana wake wa ku tauni ya Brig adzabwera ndi galimoto kudzamutenga, akakhale m'nyumba yosanja kumaonerera sitima. Ankachita mantha, mantha enieni.

Kutatsala sabata imodzi kuti chipale chofewa chitseke njira ya kumgodi, anatulukira Severin, kapitawo wa kumgodiko, yemwe anali mng'ono wa Kasimir. Analowa osagogoda, atafumbata kanthu m'kansalu.

"Alamu, pukutani m'manja! Lero ndakubweretserani mwamuna."

"Ngati ali wa kwanu m'bwezereni," anayankha Filomena. "Mmodzi anandikwana."

"Taonani kaye, inu. Amapasa awa! Chiyambire ntchito sindinaone aakulu chonchi."

Amapasa ndi dzina limene anthu akumgodi anapatsa seligimanaiti, chifukwa timiyala take timakonda kumera tiwiritiwiri, togwirana. Kamwalaka ndi kotuwa, kowala ngati chitsulo, kokhala ndi timizere m'mbali. Akatswiri amati muli mtovu, mkuwa, aseniki ndi sulufule, ndipo amakaika m'banja limodzi ndi mwala wina womangidwa mofanana koma wopanda aseniki. Filomena za mabanjazo analibe nazo ntchito. Chimene ankadziwa n'chakuti kamwalaka sikachedwa kuthetheka, ndipo aakulu amene Severin ankanyadirawo anali ngati kambewu ka mpunga.

Filomena anaika diso pagalasi. Anaona kuyera, ndi kamthunzi pakati.

"Okongola," anatero.

"Theka lakwiririka. Muwatulutse pofika Lachisanu, pulofesa wa ku Bern akubwera yekha. Wina aliyense sindingamupatse, manja a anyamata anga ndi okumbira mbatata."

Apa ndiye pamene akananena. Mawu anafika pakamwa, koma anaganiza za nyumba yosanja ija n'kuwameza. Papsa tonola sudziwa mtima wa moto, koma munthu wamantha samva miyambi.

Masiku atatu anagwira ntchito ndi zala m'malo mwa maso. Singano ikakhudza mwala woyera imalira mwina, ikakhudza chitsulo imaterereka, ndipo iye ankadalira zimenezo. Ankapendeketsa mutu kuti aonere m'mphepete mwa diso, kukanda pang'ono, kuuzira fumbi, kukandanso. Thukuta linkatsika m'khosi chonsecho m'nyumba mukuzizira. Chakudya chinkamukanika. Mnansi akadutsa pawindo n'kupereka moni, iye ankadzidzimuka ngati wagwidwa akuba.

Lachinayi masana singano inaleka kukodwa. Anauzira komaliza mwamphamvu, nayang'ana, naona kamthunzi kali pomwepo, kakuda bwino pakati pa kuyera. Anapuma mpweya wautali. Analemba dzina pakapepala, nayala thonje m'kabokosi, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamwa khofi n'kumumva kukoma.

Severin anabwera Lachisanu m'mawa atavala jekete la kutchalitchi.

"Mwatchena chonchi mukukafunsira kwa pulofesa?" anamuseka Filomena, akumupatsa kabokosi. "Tengani ana anu. Muwagwire bwino, si mbatata."

Severin anatulutsa galasi lake, napita pawindo akuseka. Kusekako kunatha. Anatembenuza mwala uku ndi uku. Kenaka anayang'ana patebulo, nayang'ana pansi pamatabwa, pomwe panali fumbi loyera losesedwa bwino mulu umodzi pafupi ndi mbaula.

"Bwanji?" anafunsa Filomena. "Ndakanda mbali?"

Munthu amene sanakhalepo chete chibadwire anaima ngati chitsa, ndipo apo Filomena anazindikira. Kamthunzi kamene anakanyadira dzulo kanali dzenje, malo amene amapasa anachokamo atathetheka n'kupita ndi fumbi.

"Mulibe, eti?" anafunsa motsitsa.

Severin anatseka kabokosi pang'onopang'ono, nakaika m'thumba. Anakoka mpando wa malemu mkulu wake, nakhala moyang'anizana naye.

"Filomena," anatero, osati alamu. "Ndakweza zala zingati?"