Mapepala Amene Amayi Ankawotcha

Ndikukumbukira fungo la ofesi ya amayi kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope za anzanga ena a ku sekondale. Munkanunkhira polishi wofiira wa pansi, inki ya riboni, ndi kabati ya mkungudza imene inkasunga mafayilo a esiteti yonse. Zenera lake linkayang'ana kuphiri. Mvula ikakata, mathithi ankaoneka ngati ulusi woyera wolendewera pathanthwe, ndipo m'munsi mwake tiyi ankangoti biriwiri mpaka kumsewu wa ku Limbuli.

Amayi anali taipisiti pa esiteti imeneyo. Bambo anamwalira ndili Sitandade 4, ndipo nyumba imene tinkakhala, ya zipinda ziwiri ndi mpopi pakhomo, inali ya ntchito. Aliyense wokhala pampando wa taipisiti ndiye ankagona m'nyumbamo. Zimenezi ndinkazidziwa, koma sindinkaziganizira, monga mmene mwana saganizira za denga likakhala kuti silikudontha.

Chaka chimene ndinali Fomu 2, m'zaka zomalizira za chipani chimodzi, ndinabwera kutchuthi cha Khirisimasi n'kupeza kuti ku ofesi kwafika kompyuta yatsopano. Yakale, ya galasi lakuda ndi zilembo zobiriwira, amayi anali ataizolowera, koma inali itatumizidwa ku fakitale. Yatsopanoyi inkayendetsedwa ndi pulogalamu ina yachilendo, ya tizithunzi ndi kamuvi koyendayenda pagalasi. Mnyamata amene anaibweretsa kuchokera ku Blantyre atangomaliza kulumikiza mawaya, magetsi anathima, iye n'kuthamangira basi. Anasiya bokosi la madisiketi ndi buku lachingerezi lokhuthala ngati Baibulo la paguwa. Pulinta sanaiyese.

Pulintayo inali yakale, yolira ngati nyenje, ndipo inkadya mapepala olumikizana a timabowo m'mbali. Ndi kompyuta yakale inkamvana bwino. Ndi yatsopanoyi inachita ngati yagwidwa mizimu. Amayi akalemba kalata yaulemu yoyamba ndi moni, iyo inkatulutsa timitima, tinkhope tomwetulira, mivi ndi timakona, kenako n'kumalavula mapepala opanda kanthu mpaka munthu aithimitse. Atamuimbira foni mnyamata uja, anati kompyuta imafuna kapulogalamu kakang'ono kotchedwa dalaivala, kamene kamamasulira mawu ake kuti pulinta imve. Anati asankhe dzina la pulintayo pamndandanda, basi. Pamndandandapo panali mayina ambirimbiri, koma la pulinta yathu panalibe.

Abwana a mu ofesimo sanali munthu wankhanza. Anangonena chilungamo. Makalata ogawira nyumba antchito othyola tiyi a nyengo ya mvula ankafunika Lachisanu, ndipo mabanja anali atayamba kale kufika ndi akatundu awo. Ngati makina akanika, akulikulu anali atanena kuti atumiza mnyamata wa satifiketi ya kompyuta, ndipo amayi akakhala kushedi koyezera tiyi. Za nyumba sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira.

Lolemba m'mawa amayi anandiuza kuti ndivale siketi yanga yaitali ndiwaperekeze, poti Chingerezi cha m'buku lija chinkawatopetsa maso. Ndinanyamula dayale yanga, kope la chikuto cholimba limene ndinkalembamo chilichonse, kuyambira maloto mpaka ndiwo. Tsamba la tsikulo likadalipo. Ndinalemba kuti: "Lero ndikukathandiza amayi kugonjetsa sayansi. Ndili ndi chikhulupiriro chonse." Ndinali mwana wa mawu akuluakulu.

Ntchito yoyamba imene anandipatsa inali yokonza madisiketi atsopano. Anandifotokozera kuti disiketi yatsopano ili ngati kope lopanda mizere, makina amayamba ajambulamo mizere asanalembemo kanthu. Kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna mizere yothinana, yolowa zambiri, kapena yotakasuka, yolowa theka lokha. Ine ndinathamangira yothinana, poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Amayi anandigwira dzanja. Anati makina akale amene apita ku fakitale amawerenga yotakasuka yokha, ndipo madisiketiwo azikayenda pakati pa maofesi awiriwo panjinga ya mesenjala.

"Kalata yoti mnzako sangaiwerenge si kalata," anatero.

Ngakhale mafayilo a m'kompyutamo anawasanja potengera madirowa a kabati ya mkungudza ija: la makalata, la nyumba, la tchuthi, la odwala. Apo ndinazindikira kuti amayi makinawo sanali kuwaopa ayi. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali china.

Ndinachiona madzulo a tsiku lomwelo. Mapepala onse a timitima aja anawapinda bwinobwino, n'kuwabisa m'chikwama pansi pa chitenje. Titafika kunyumba anawaponya pambaula limodzilimodzi, n'kumatakasa phulusa ndi kamtengo. Masiku amenewo pepala linkamangitsa munthu. Kunkamveka za makalata opanda dzina amene ankachulukitsidwa mobisa m'maofesi, ndipo oyamba kufunsidwa ankakhala mataipisiti. Amayi ankati munthu woipa mtima atatola pepala la zizindikiro zoterozo m'bini, akhoza kukanena kuti ndi uthenga wachinsinsi, ndipo iwo sakanatha kufotokoza tanthauzo lake, popeza nawonso sankalidziwa. Mesenjala wa pa ofesi, a Namaona, bambo wachikulire wa kabudula wa khaki, ankagwirizana nazo. Pulinta ikayamba kulira ankatseka chitseko, n'kuima panja ngati akuonera mitambo.

Lachiwiri linatha tikusankha mayina mwachisawawa. Amayi ankaloza dzina, ine n'kudina, pulinta n'kulira, tonse n'kuweramira pepala ngati anthu oyang'ana nkhuku ikuswa mazira. Timitima. Tinkaithimitsa, n'kuyesa lina. Masana tinadya chinangwa chophika ndi tiyi wopanda mkaka, a Namaona akutifotokozera kuti makina ali ngati ng'ombe, amadziwa mwini wake. Madzulo mbaula inadyanso mapepala.

Lachitatu ndi pamene dayale inandithandiza. Ndinali nditalembamo mayina ena amene tinayesa, osati mwanzeru, koma chifukwa ndinkalemba chilichonse. Nditawerenga ndinapeza kuti dzina lina tinaliyesa katatu, lina kawiri. Tinkangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pachingwe, ndipo umboni wonse unali phulusa. Ndinakumbukira aphunzitsi athu a sayansi, amene ankati usinthe chinthu chimodzi chokha, ulembe, kenako uone. Ndinapempha amayi kuti tizisunga mapepalawo. Anakana, maso ali kuchitseko.

Ndiulule pano kuti sindinawamvere. Tsiku limenelo tinatsata mndandanda kuchokera pamwamba, dzina ndi dzina. Pepala lililonse likatuluka ndinkang'amba tsamba loyamba, n'kulemba nambala ndi dzina pakona ndi pensulo, n'kulilowetsa m'dayale amayi akuyang'ana galasi. Otsalawo ndinkawapatsa kuti akawotche. Pofika madzulo dayale inali itatupa ngati chule, ndipo ndinayenda nayo nditaikumbatira pachifuwa, ndikudutsa anthu ochokera kothyola tiyi ndi madengu awo kumsana.

Lachinayi m'mawa kunali kamvula kowaza. Amayi sanadye kanthu. Ndinawaona akuyang'ana mpopi wa pakhomo nthawi yaitali asanatseke chitseko. Titafika ku ofesi ndinalimba mtima, n'kutulutsa mapepala aja, n'kuwayala pansi motsatana manambala, kuyambira pakabati mpaka pazenera.

"Agi! Mwana iwe ukufuna undiphe?" anatero amayi monong'ona. "A Namaona, tsekani chitseko!"

Koma diso la taipisiti silingaone pepala osaliwerenga. Akundikalipira choncho, anali atayamba kale kuyenda m'mbali mwa mzerewo, manja ali kumbuyo. Anaima pa nambala 14. Anagwada. Pakati pa timitima anaona mawu awoawo, "Okondedwa Bambo", athunthu, kungoti kutsogolo kwake kunali zinyalala. Anapeza zomwezo pa 15 ndi pa 17. Mapepala ena onse analibe ngakhale liwu limodzi la munthu. Nditayang'ana pakona, mayina atatuwo anali ofanana chiyambi, ngati ana a bambo mmodzi.

Tikadali chogwada, chitseko chinatseguka. A Namaona anali atalephera kuwaletsa abwana. Abwanawo anaima pakhomo ndi ambulera yodontha, n'kuyang'ana pansi ponse pali timitima, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri chimene chinkapachikidwa mu ofesi iliyonse. Ine ndinaimirira ngati ndili pa asembule, n'kufotokoza za manambala ndi za aphunzitsi a sayansi, mofulumira kwambiri moti sindikudziwa ngati anamva. Abwana anatola pepala limodzi, analitembenuza chadodolido, analitembenuzanso. Kenako anatseka chitseko okha, n'kutsitsa mawu.

"Pitirizani. Koma mukatha muwotche, mwamva? Anga a sabata yatha ndinawotcha kale."

A Namaona anaseka mpaka kukhala pansi. Amayi nawo anaseka, koyamba sabata imeneyo, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Tsopano tinkadziwa pofufuza. Ndinatsegula buku lakale la pulintayo, limene linali m'dirowa lapansi litachita chuku, n'kusaka dzina la banja lija. Ndinalipeza chakumapeto. Bukulo linkati pulinta yathu imatha kuyankhula ngati pulinta za banja limenelo, bola usinthe timaswichi tiwiri tobisika kumbuyo kwake. Tinaitembenuza osaona kanthu. A Namaona ndiwo anakumbukira kuti tsiku limene inafika, zaka zapitazo, munthu woibweretsa anatsegula kachitseko kena n'kutokosamo ndi kamtengo ka machesi.

"Ndinkayesa akuchotsa mphemvu," anatero, n'kuloza ndi chala.

Munalidi timaswichi tisanu ndi titatu, tating'ono ngati njere za mpunga. Chala sichikanalowa. Amayi anazula pini kumutu kwawo. Ndinawerenga manambala mokweza, iwo anakankha kachitatu ndi kachisanu, ine ndinalemba m'dayale mmene tinalili poyamba kuti tikalakwitsa tibwezere. Tinathimitsa, tinayatsa, tinasankha dzina la nambala 14.

Nyenje ija inalira. Palibe anaweramira pepala ulendo uno, tonse tinangoima chilili. Mutu wa pulinta unapita kumanja, unabwerera, unapitanso. Amayi ndiwo anasendera pafupi, n'kuwerenga mokweza ndi mawu a kutchalitchi: tsiku, dzina la munthu, nambala ya nyumba, mpaka pamzere wosainira. Panalibe kamtima ngakhale kamodzi. A Namaona anavula chipewa n'kuyankhula kanthu m'Chilomwe, amayi n'kuwayankha, ndipo onse awiri anaseka. Nditafunsa anati akuipepesa ng'ombe ija.

Makalata onse anatuluka tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, ine ndikung'amba timabowo ta m'mbali mpaka zala kuwawa. Lachisanu m'mawa a Namaona anawanyamula panjinga atawakulunga m'pulasitiki. Pobwerera kunyumba amayi anagula chinanazi chachikulu pamsewu, tinachisenda pampopi paja, madzi ake akutsikira m'zigongono. Madzulo mbaula inalandira mapepala ake monga analamulira abwana. Amayi anawawerenga asanawaponye, n'kupeza kuti akuperewera ndi limodzi. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kuphiri. Sanafunsenso.

Mnyamata wa satifiketi sanabwere. Amayi anakhala pampando umenewo mpaka kupuma ntchito, ndipo makompyuta ena awiri anawapeza pomwepo. Iliyonse ikafika, ankayamba ndi kugula kope.

Masiku ano mwana wanga amatumiza chithunzi kuchokera pafoni, pulinta ili chipinda china n'kuchitulutsa popanda waya, popanda kufunsa dzina la wina aliyense. Ikachedwa pang'ono amadandaula kuti ndi yachikale. Timitima ndi tinkhope tomwetulira amatumizirana dala ndi anzake tsiku lonse, ndipo palibe amene amatseka chitseko. Ndikamuuza kuti agogo ake ankawotcha zoterezi pambaula, amaganiza kuti ndikucheza. Ndiye ndimatsegula dayale ija, n'kumuonetsa nambala 14. Pepalalo lafiira m'mbali, inki yazilala, koma pakati pa timitima mawu a amayi akuwerengekabe.