Nguli pa Mchenga wa Amayi

Bambo anga, a Zebulon Thaxter, ankakhoma migolo m'tauni yathu ku Massachusetts, masiku omwe tinkalamulidwa ndi mfumu ya ku Mangalande. Ukulu wawo unali wa ndevu zokha. Timatabwa totsala ankasema nguli, ati ndi za ife ana, koma chikwapu chokwapulira ngulizo sichinkachoka m'manja mwawo.

Amayi mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: kuchoka pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi, pafupi ndi chitseko, pomwe chisanu chinkatiluma miyendo. Malo okhala ankagawidwa ndi akulu a mpingo poona ulemu wa banja, ndipo chaka china anati abwera kudzationa kunyumba asanagawenso malowo.

Chipinda chathu cha alendo chinkakhala chotseka, mwana osapondamo. Tsikulo Amayi anawaza pansi mchenga woyera, n'kujambulapo maluwa ndi tsache, akubwerera chambuyo mpaka pakhomo. Atangopita kukachingamira alendowo, Bambo anatulukira ndi nguli yatsopano yofiira.

"Dorcas, itana mlongo wako. Pansi posalala m'nyumba muno ndi m'chipinda muja mokha."

"Amayi atimaliza, Bambo," ndinatero.

"Pakona pokha, mwana wanga. Kamodzi basi."

Kaya nguli imadziwa kona? Inangoti fwii, n'kuyamba kuvina pakati pa maluwa a Amayi, mchenga uli mbwee. Ine ndi mlongo wanga Jabez tinkalumpha, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Bambo ali chogwada, thukuta kamukamu, akukwapula ngati alipidwa. Sindinasangalalepo chotero chibadwire.

Chitseko chinatseguka. Amayi anaima ndi akulu awiri ovala zakuda, ndipo nguli inakagunda nsapato ya mmodzi wa iwo n'kugwa.

Lamulungu lotsatira tinakhala pa benchi yathu yomwe ija. Ndinawamvera chisoni Amayi, moti sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Lolemba m'mawa Amayi anatsegula chipindacho, n'kusesera panja mchenga wonse. Bambo anaima poteropo, chipewa chili m'manja.

"A Thaxter, mwandichititsa manyazi osaneneka, ndipo sindinakukhululukireni," anatero Amayi. "Koma ndatopa kusungira chipinda anthu ondikhazika pachisanu. Kolezani moto umu. Ana inu, lowani, muzisewera momwemu."