Buku Losowa Masamba Omaliza

Buku lija linalibe chikuto chakumbuyo. Chakutsogolo chinalipo, chotuwa, chojambulidwa mayi ataima pakhomo la nyumba yaitali, ndipo kumbuyo kwake kunali mwamuna atanyamula nyali. Masamba ake anali otupa ngati anagwerapo m'madzi. Ukalitsegula linkanunkha mileme, chifukwa katoni imene linkasungidwamo inkakhala pamwamba pa kabati mu ofesi ya aphunzitsi, pafupi ndi denga.

Linali lachitatu mwa mabuku atatu a nkhani imodzi. Anali a Chingerezi, mphatso yochokera kunja imene inafika kusukulu yathu, kufupi ndi Nsanama. Ine ndinali mu Sitandade 7, mtsikana wamanyazi amene ndinkayankha mafunso ndikuyang'ana zala zakumapazi. Aphunzitsi anaona kuti nthawi yopuma ndinkatsala m'kalasi, ndiye tsiku lina anandipatsa loyamba. "Ulisamale," anatero. "Ukamaliza udzatenge linzake."

Chaka chimenecho, chimanga titangokolola, bambo aang'ono anamira kunyanja ya Chiuta. Anali amuna awo a mng'ono wa amayi, ndipo anali msodzi. Mphepo inagubuduza bwato lawo, anzawo awiri n'kupulumuka, iwo ayi. Maliro atatha, amayi aang'ono analowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala pakhomo pake, osayenda, osadzikongoletsa, osakamba za banja lina. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, ndipo amayi ankawapititsira chakudya tsiku lililonse.

Chakudyacho chinkabwerera momwe chapitira. Mbatata inkazizira pambale. Zibangili amayi aang'ono anavula tsiku la maliro, koma patapita milungu ingapo ndinaona kuti ngakhale akanazivala zikanangogwa zokha, chifukwa mikono inali itatha. Ndinkaganiza kuti chisoni chimatero kwa aliyense. Ndinadzamva nditakula kuti panalinso china. M'mawa wa tsiku la ngoziyo, bambo aang'ono anati thupi likuwawa, sapita kunyanja. Amayi aang'ono anawayankha kuti, "Mwamuna wanji wokhalira pakhonde, ana akugona ndi njala?" Bamboyo anatenga njinga n'kunyamuka. Mawu omaliza pakati pawo anali amenewo, ndipo amene ankadziwa zimenezi anali amayi okha.

Amayi ndi amene anandituma. "Ukaweruka uzikakhala nawo. Usamalankhule zambiri. Tenga buku lakolo uzikawerengera komweko." Ndinachita monga anandiuzira. Ndinkakhala pamkeka pafupi ndi khomo pamene panali kuwala, iwo atatsamira khoma m'kati, atafunda nsalu yoyera mpaka pachipumi. Tsiku lina ndinaiwala kuti sindili ndekha, ndinafuula kuti, "Mayo!"

"N'chiyani?" anafunsa.

"M'bukumu. Chitseko chatseguka chokha."

"Watsegula ndani?"

Nkhani yathu inayambira pamenepo. Ndinkawerenga ndime imodzi chamumtima, kenako n'kuwafotokozera m'Chichewa, mawu ovuta n'kuwalumpha. Mabukuwo ankanena za mayi wina wamasiye, wa kudziko lozizira, amene ankamva mawu a anthu akufa. M'nyumba mukavuta mzukwa ankaitana iye. Ankafufuza chimene chinalakwika, wopha munthu n'kudziwika, mzukwa n'kupumula. Kulikonse kumene ankapita ankaperekezedwa ndi mwamuna wokonza mawotchi, amene sankakhulupirira za mizukwa ngakhale pang'ono, koma ankamunyamulira nyali. Maina awo ankatipinda lilime, choncho amayi aang'ono anawapatsa awoawo. Mkaziyo anamutcha Wamakutu, mwamunayo Wanyali.

Mpaka lero sindinakumanepo ndi munthu womvetsera nkhani ngati iwo. Sukulu anailekeza koyambirira, koma wakupha ankamudziwa buku lisanafike pakati. "Ndi mlongo wakeyo," ankatero. "Munthu wolira maliro mokweza chotero, muyang'ane m'manja." Ndipo ankakhaladi mlongo wakeyo. Mizukwa sinkawaopsa. Ankati mizukwa ya azungu ilibe ntchito, imangotseka zitseko ndi kuzimitsa makandulo. Ndikayamba kufotokoza za madzi ouma ogwa kuchokera kumwamba ngati ufa, ankandidula: "Zanyengozo zisiye. Wanyali uja lero sanabwere?"

Amene ankamutsata anali ameneyo. Wanyali akavula jekete n'kumufunditsa Wamakutu, ankandiuza kuti ndibwereze. Awiriwo atakangana m'buku lachiwiri, amayi aang'ono anapukusa mutu nati, "Mkaziyu ndi wamakani ngati ine. Adzalira." Ine pa msinkhu umenewo zachikondizo ndinkaziwerenga mothamanga, nkhope ikutentha, ndikufuna kufika pa mafupa okwiriridwa pansi pa khitchini. Iwo ankandibweza n'kundifunsa kuti ananena bwanji kwenikweni, anamuyang'ana kapena anayang'ana kumbali. Lero ndimaona kuti anali iwo amene ankandiphunzitsa kuwerenga, osati ine kuwawerengera.

Amayi anayamba kubwera ndi lichero la nandolo, kumasenda chapakhomo. Ankaika mbale ya chinangwa chophika pakati pathu. Nkhani ikafika pokoma, dzanja la amayi aang'ono linkapita lokha kumbale. Tinkasiya kuwerenga kumzikiti kukamveka kuitanira swala ya madzulo, ndipo mbale inkabwerera yopanda kanthu.

Amalume atamva sanakondwe. Anaima pabwalo, chipewa chawo choyera chili pamutu, nafunsa amayi kuti, "Mabuku a mizukwa m'nyumba ya namfedwa? Anthu akamva atiyesa chiyani?" Amayi sanakweze mawu. "Achimwene, akamamvetsera akudya. Ngati muli ndi mankhwala ena, bweretsani." Amalume anayang'ana mbale ija, n'kukanda chibwano, n'kunena kuti bola swala isamadutse. Tsiku lotsatira anatumiza nzimbe.

Buku lachitatu tinaliyamba mphepo yozizira itachepa, mitengo ya mango itachita maluwa. M'menemo mzukwa sunali wa munthu wina. Anali mwamuna wake wa Wamakutu, amene anamwalira zaka zapitazo. Ankaima pakhomo la chipinda osalankhula, ndipo mayi amene ankamva akufa onse sankatha kumumva iyeyo. Nthawi yomweyo Wanyali anamufunsira ukwati. Wamakutu anayankha kuti sangavomere kapena kukana asanadziwe chimene malemuyo akufuna.

Amayi aang'ono anasiya nthabwala. Sanalotenso za wakupha. Ankangoti, "Pitiriza." Tsiku limene tinafika kumapeto, mzukwa uja unayandikira n'kutsegula pakamwa. Ndinatembenuza tsamba, ndipo kunalibe tsamba lina. Kunali ulusi wokha ndi timapepala tong'ambika. Buku lonselo ndinaliwerenga osayang'ana kumbuyo, poopa kudziwiratu mathero.

"Wati chiyani mwamunayo?"

"Masamba palibe, amayi. Anang'ambidwa."

Anatembenukira kukhoma. "Ndinadziwa," anatero. "Sangalankhule naye."

M'mawa mwake ndinalimba mtima n'kukagogoda ku ofesi. Aphunzitsi anakhuthula katoni yonse pansi, tinafufuza pamodzi, osapeza kanthu. Anati mwina wina anapichira fodya kalekale, ndipo iwonso bukulo sanaliwerengepo. Ndinabwerera kunyumba ndikulira njira yonse. Madzulo amenewo mbale inabwerera yodzaza. Tsiku lotsatiranso chimodzimodzi.

Tsiku lachitatu amayi anandiuza kuti nditenge buku. Titalowa, sanakhale pakhomo ngati masiku onse. Anakhala pamkeka pafupi ndi mng'ono wawo, nalanda bukulo m'manja mwanga. Amayi sankadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo. Analitsegula kumbuyo kwenikweni, pa ulusi paja, naikapo chala.

"Mwana wa mayi anga, tembenuka umve mmene inathera," anatero. "Mwamuna uja anati: mawu amene unandiuza m'mawa uja ndinawaiwala ndisanafike pamsewu. Unkanenera ana. Tsiku langa linali litakwana, ndipo ukanandimanga ndi chingwe likanandipeza pakhonde pomwepo. Ine sindibwera kudzakuimba mlandu. Ndimabwera kudzaona ngati ukudya."

Ine, pofuna kuthandiza, ndinanong'oneza kuti, "Amayi, m'bukumo sanakangane m'mawa." Amayi anandigwira bondo, osandiyang'ana, n'kulifinya. 

Amayi aang'ono anali atatembenuka. "Anatero, achemwali?"

"Anatero."

"Mukunena zoona?"

"Munthu uja ndinkamudziwa. Sankasunga mkwiyo mpaka pamsewu."

Pamenepo analira kulira kumene sindinakumvepo ngakhale pamaliro, mutu uli pamiyendo ya amayi. Amayi ankangowasisita pamsana, buku lili chotsegula pambali. Atatonthola anapukuta maso ndi ngodya ya nsalu, nafunsa ndi mawu osasa, "Nanga Wanyali?"

"Iyayi, zimenezo zili m'buku lina," anayankha amayi. "Sitinafikeko. Idya kaye."

Anadya. Anadyanso mawa lake. Eda itatha anasamba, anavala chitenje chamaluwa chimene amalume anawagulira, natuluka pabwalo akuphethira ngati mwana wodzuka kumene. Chaka chotsatira anayamba kukwera sitima ndi madengu a nsomba zouma kukagulitsa ku Balaka, ndipo ana awo anaphunzira ndi nsomba zomwezo. Za Wanyali wawo sindinena zambiri. Anabwera nthawi yake itakwana, wokonza njinga osati mawotchi, ndipo anayamba wadzera kwa amalume.

Ndawerenga mabuku ambiri amtundu umenewu kuchokera nthawi imeneyo, ndipo lachitatu lija sindinalifunefunenso kuti ndione mathero ake enieni. Koma m'nyengo ija ndinavutika kwambiri. Ndinabwerera kwa aphunzitsi kawiri kukafunsa buku lachinayi, iwo n'kundiuza kuti analipo atatu okha. Ndinapita kwa amayi aang'ono ndi mantha kukawauza kuti amayi analakwitsa, buku linalo kulibe. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Anaseka mpaka kugwetsa lichero, nandikokera pachifuwa pawo, nati, "Usadandaule, mwana wanga. Limenelo achemwali akuti tidikire kaye."

Ndinabwerera kwathu ndikudzifunsa kuti amayi, osadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anawerenga bwanji masamba amene panalibe, nanga amayi aang'ono, amene ankagwira wabodza aliyense buku lisanafike pakati, anawakhulupirira bwanji.