Tsiku limene alamu anandibisira paudala

Mayi anatilera kuti kwa dokotala sapita ngati wochokera kudimba. Umasamba, kudzola, n'kuvala za Lamulungu. Lamulo limeneli ndinawoloka nalo malire onse mpaka ku Cape Town, ndipo linatsala pang'ono kundimaliza.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Camps Bay. M'chaka chachiwiri zala zinayamba kutupa m'mawa uliwonse, moti kufinya chokolopera kunkandigwetsa misozi. M'masaya munatuluka zilonda zofiirira, uku ndi uku, kudutsa pamphuno. Nditaswa kapu yachitatu, abwana anandiuza mwaulemu wawo woziziritsa nkhongono uja kuti ndikapanda kuchira afuna munthu wina. Kumudzi ana anga awiri ankadya manja omwewa. Ndinachita mantha zedi.

Ku kiliniki ya kwathu ku Kraaifontein ndinapitako katatu. Chimene ndinkafuna ndi kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, poti dokotala wa matenda ovuta sumangomutulukira ngati wogulitsa tomato. Koma ulendo uliwonse ndinkathowa zala m'madzi otentha mpaka kutupa kuchepe, n'kumata paudala m'masaya, n'kuvala diresi la kwaya. Nesi akafunsa mmene ndikumvera, ndinkamwetulira n'kuyankha kuti pang'ono chabe. Mayi wowala chonchi akanamupatsa chiyani? Panado.

Ndinkakhala chipinda chimodzi ndi alamu anga, mayi wa pakamwa posatseka. Tsiku la ulendo wachinayi ndinapeza paudala palibe, ketulo palibe, diresi la kwaya lili m'beseni, lonyowa.

"Alamu, zinthu zanga zili kuti?"

"Zapita ku holide," anatero. "Kodi mukupita kukliniki kapena ku ukwati? Lero mupita mmene mwadzukiramu. Ndipo akakufunsani, pakamwa panu mutseke, ndiyankha ndine."

Ndinakwiya koopsa. Njira yonse ndinayenda chowerama, ndipo ngati dala, tinakumana ndi amayi awiri a kutchalitchi. Anandipatsa moni akuyang'ana masaya anga, osati ine.

Nesi anali yemwe uja wa masiku onse. Atandiona anaika cholembera pansi.

"Yhu, sisi! Zayamba liti izi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti pang'ono chabe, koma alamu anandiponda phazi. Anafotokoza zonse m'Chingerezi chawo chothyokathyoka: makapu, tsitsi lotsalira m'chipeso, ngakhale zoti amandimangira mabatani ndi iwo. Manyazi anandigwira ngati andivula pamsika. Kalata ija tinatuluka nayo tsiku lomwelo.

Tsiku lokaonana ndi dokotala kuchipatala chachikulu ndinalidikira miyezi ingapo, abwana akung'ung'udza koma osandichotsa. Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi, wa matenda a m'malo olumikizana mafupa. Atayeza magazi anati matendawa ndi lupasi: asilikali a m'thupi mwanga anasokonezeka, akumenya mwini nyumba. Anawonjezera kuti anali atayamba kale kugogoda ku impso, ndipo anafunsa chifukwa chimene ndinachedwera.

Alamu anatsegula chikwama chawo, n'kutulutsa paudala uja, n'kumuika pa tebulo la dokotala.

Ndinaseka, kenako ndinalira osaleka. Ntchito ija ndinakhala nayo zaka zina zisanu. Mayi nditawaimbira foni kuwauza za impso, anafunsa motsitsa mawu ngati ndinali nditasambako popita kwa dokotalayo.