Kansalu ka Pansi pa Chishalo

Zaka zonse zimene ndasoka zovala pakhonde la sitolo ino pa boma pa Mwanza, woyandikana naye wanga akhala a Petro Zuze, okonza njinga zamoto. Ndimawatchula kuti alamu ngakhale palibe chibale chilichonse, tinangozolowera kunyozana. Iwo amati makina anga amasokosera ngati chigayo, ine ndimati utsi wawo ndi umene umandidetsera nsalu za eni ake. Anabadwira ku Thambani, ntchito anakaiphunzira ku Zobue kwa mkulu wina wa ku Mozambique, ndipo mpaka lero nati ikawavuta amaitukwana m'Chipwitikizi kuti ife tisamve.

Kuseri kwa shedi yawo kuli kachipinda kopanda zenera. Njinga iliyonse yovuta nyali amailowetsa m'menemo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kutseka chitseko. Amati padzuwa nyali iliyonse imanama. Kale ankatulukamo akuimba mluzu. Masiku ano amatuluka ali duu, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa.

Chaka china manachesi atangotha, kunabwera mayi wa kwa Nthache dzina lake Rozina, atakweza njinga yakalekale pagalimoto ya matola. Mwamuna wake Yakobe ankapikula manachesi ku Thambani kudzagulitsa kuno. Tsiku lina akubwerera kwawo chisisira chitagwa, anaphonya kamlatho ka potsetsereka n'kugwera m'khwawa, ndipo sanadzukenso. Amene anakamutola anati anali ataledzera, pajatu asanalowe mpingo ankamwa. Mphekesera ija inafika kwa akuluampingo, iwo n'kukana kuimbira maliro. Munthu anaikidwa mwakachetechete, popanda nyimbo ngakhale imodzi. Kwathu kuno chimenecho n'chitonzo chimene ana amakula nacho.

"Bambo, ine sindikufuna kuti njingayi iyendenso ayi," anatero Rozina atagwada pambali pa shedi. "Ndingofuna mundiuze ngati nyali yake inkawala. Malemu ankadandaula kuti ikumazilala. Ine ndanena ndatopa, koma akuti mkazi sangalephere kuikira kumbuyo mwamuna wake."

A Petro anangogwedeza mutu, n'kundikodola. "Alamu, tasiyani kaye zigamba zanuzo mudzandigwirire mita yoyezera moto."

Chiwongolero chinali chopindika, galasi la nyali long'aluka, koma babu linali lamoyo. Anachotsa batire lakufa n'kuikamo lawo labwino, tinakankhira njinga m'kachipinda muja, n'kutseka. Rozina anatsala panja. A Petro atachita kiki kangapo injini inalira, ndipo pakhoma panaoneka kakuwala kachikasu ngati ka koloboyi. Akapotokola mafuta kankawalirako pang'ono, akasiya kankazilala. Ataponda buleki, kanatsala pang'ono kuzimiratu. Ndinaganiza za munthu ali potsetsereka: amasiya mafuta, n'kuponda buleki. Pamene Yakobe ankafunitsitsa kuona m'pamene nyali inkamuthawa.

"Ikuti chiyani mita?" anandifunsa a Petro.

"Khumi ndi ziwiri, koma ikutsika."

"Ikanayenera kukwera mpaka pa folotini. Batire silikulandira chakudya, likungodyedwa."

A Petro sagwira ntchito mwaphuma. Amayamba ndi chapafupi, n'kumachotsa oganiziridwa mmodzimmodzi. Batire linali lawo lomwe, ndiye mlandu linalibe. Babu analizula n'kuliyang'ana, linali la saizi yoyenera. Anayeza mawaya ochokera ku khoyilo ya m'kati mwa injini, imene imapanga moto, n'kupeza kuti moto ukutuluka wokwanira. Kenako anakayikira kabokosi kamene amati rekitifaya, kolandira moto uja n'kuupereka ku batire. Anaikapo kena kabwinobwino, koma khoma linali lachikasu chomwecho. Apa anatukwana m'Chipwitikizi, n'kunena kuti moto ukupita koma ukusowa njira yobwerera. Anamasula chishalo, n'kuyamba kulondola ndi chala waya wakuda umene umamangidwa ku chitsulo cha njinga.

Chala chija chinaima. "Tawalitsani foni apa."

Pa nati yomanga waya uja panali kansalu kokulunga bwino, kamene mbali yake ina inapanikizidwa pakati pa waya ndi chitsulo. Kanali katamwa mvula ya dzinja lonse, ndipo pansi pake panali dzimbiri lokhalokha. Nati yomwe inali yosalimba, yomangidwa ndi dzanja losazolowera sipanala. A Petro atakamasula, munagwa timizu touma. Ine ndine telala, nsalu sindiiwala. Kanali kabuluu ka maluwa a nkhanga, ndipo chitenje chake ndinali nditachiona posachedwa, m'chiuno mwa mayi amene ankadikira panja.

Anapala dzimbiri lija ndi sandipepa, n'kumanga nati zolimba. Injini italira, khoma lonse linayera mbee, mita n'kukwera pa folotini. Sindinaonepo kuwala kondiopsa ngati kumeneko. Kanthu kochepa chonchi, kokonza munthu asanamalize n'kapu ya tiyi yomwe.

A Petro anaika kansalu kaja m'thumba la ovolosi. "Alamu, inu simunaone kanthu."

Anamuitana Rozina kuti alowe. Anamasula nati, kuwala kunafota. Anamanga, kunabwerera. Anachita zimenezi kawiri kuti aone bwino.

"Dzimbiri, mayi. Nyali inkawathawa bambo akunyumba kwanu akafika potsetsereka. Munthu woti sanalawe ndi dontho lomwe akanagwa pamenepaja. Ndipita nanu kwa akuluampingo ndikawaonetse."

Rozina sankayang'ana khoma. Maso ake anali pa nati ija.

"Pamenepo panali kansalu," anatero.

A Petro anazimitsa injini, tonse tinatsala mumdima, ndipo mawu a Rozina tinkangowamva osamuona.

"Ndinamangirira ndine. Malemu atagwa koyamba chaka chatha ndinachita mantha, ndinapita kwa asing'anga. Anati ndikaike pobisika, mwini wake asaone, kuti njinga isadzawagwetsenso. Ndinamasula ndi sipanala yawo yomwe iwo akusamba."

"Mayi, dzimbiri lokha likwanira," anatero a Petro. "Mukakatchula za asing'anga akakudulani mumpingo. Akuchimuna nawo akati mwapha ndinu. Zisiyeni m'thumba mwangamu."

"Anawanamizira kale kamodzi, bambo. Sindingakawayeretse ndi bodza linanso. Ndipatseni."

Nditatsegula chitseko ndinaona atatambasula manja onse awiri, monga mmene mwana amalandirira kanthu kwa akulu. A Petro anamupatsa.

Ine ndinakwiya naye, ndisaname. Ndinamutsatira mpaka pamsewu n'kumuuza kuti ali ndi ana, asadziponye pamoto chifukwa cha munthu amene wagona kale. Anangondithokoza mwaulemu n'kukwera galimoto.

Anapitadi, a Petro ali pambuyo ndi njinga ija. Akuluampingo anaona nyali, anaona kansalu, ndipo anavomera kuti analakwitsa. Pa tsiku loika chiliza anabwera ndi kwaya yonse, ndipo ife tinapitako. Nyimbo zimene anamumana Yakobe anamuimbira zonse, ana ake ataima kutsogolo. Rozina anali atadulidwa mumpingo, ndipo akuchimuna sanamupatse ndi moni womwe. Anakhala payekha patali, pansi pa mtengo wa mthethe, milomo ikutsatira nyimbo koma mawu osatuluka.

Njinga ija palibe anaifuna. Ili m'kachipinda muja pakona mpaka lero, ndipo nyali yake ndi yabwino kuposa za njinga zambiri zimene zikuyenda mumsewumu. Chiyambire tsiku limenelo, njinga iliyonse ikabwera, kaya yaphulika tayala chabe, a Petro amayamba amasula chishalo n'kupapasa waya wakuda uja. Akabaza amadandaula kuti mdala ameneyu amachedwetsa anthu. Nthawi zina amapezadi timansalu, tizikopa, timikanda. Sataya, ndipo safunsa kuti anamangirira ndani. Amakasuntha n'kukamangirira pena pamene palibe waya, n'kubwezeretsa chishalo mwini njinga asanaone.