Mabowo a Lole ya Kunkhondo

Kapitawo wa kumunda wa thonje atafika pakhomo panga kwa Katunga n'kunena kuti mzungu akundifuna, ndinati basi, andipeza. Ndinali nditathawa mtengatenga pa nkhondo ya Jeremani, katundu n'kumusiya m'thengo, ndipo zaka zonsezo ndinkangoyembekeza tsiku lodzandigwira. Mkazi wanga anangokhala pansi.

"Tengani zida zanu zokhomera zidebe," anatero kapitawoyo. Sindinamukhulupirire, komabe ndinatenga.

Ndinapeza lole itaima pansi pa mtondo. Mzunguyo anaigula kwa asilikali kuti izinyamula thonje kupita kudooko. Chitseko chake chinali ndi mabowo asanu oti chala n'kulowa, milomo yake yopindikira mkati. Palibe anandiuza chimene chinaboola. Ndinkachidziwa.

Ndinakwecha dzimbiri ndi mchenga, n'kuwongola milomo ija ndi nyundo. Kenaka ndinadula zigamba pa chitini cha parafini, ndi kuika chitsulo changa pamakala kuti ndisungunulire mtovu. Dalaivala wa loleyo, munthu wamtali wa chipsera pakhosi, anakhala pamwala n'kumandiyang'ana. Nsapato zake zinali za asilikali. Mtovu unkangondidonthera pansi, dontho lina n'kundiwotcha phazi. Sindinakuwe.

"Achimwene," anatero, "nkhope yanuyi ndinaionapo. Simunasenzeko mabokosi a zipolopolo inu?"

"Iyayi bambo, ine ndine wa zidebe basi."

 Anadzuka, nadzaima kumbuyo kwanga, mpweya wake ndikuumva m'khosi. Ndinaganiza zothawira kumtsinje, koma kapitawo anali chapomwepo ndi chikoti.

Dalaivala uja analoza bowo lam'munsi. "Ili mulitseke bwino. Apa pankakhala mphwanga. Ndikamayendetsa, mphepo imalowera pamenepa n'kumandiomba mwendo."

Ndinalitseka kawiri, mkati ndi kunja, n'kulipala mpaka chala chosamva polumikiza. Iye anasisitapo nthawi yaitali.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena. Kenaka motsitsa mawu: "Amene anathawa anachita bwino. Koma mzunguyu amakonda kufunsa za anthu. Mawa musabwere."

Mabowo awiri anali asanathe. Ndinalongedza zida zanga ngati ndikupita kukamwa madzi. Tsiku lomwelo ine ndi mkazi wanga tinakwera bwato kupita kwa achibale ake kudambo, kumene tinakhala mpaka madzi ataphwa kawiri. Ngakhale kumeneko, ndikamva kulira kwa galimoto kutsidya, ndinkasiya khasu n'kulowa m'bango.